Nthungululu ya Mayi Kachingwe

Mayi Kachingwe a ku Highfields, ku England, anasinthana shifiti ndi mnzawo Shabana kuti akaonerere mwana wawo Tiyanjana akusewera mpira wa ragibi m'timu ya atsikana ya chigawo cha Leicestershire, koma anapita mtima uli m'mwamba. Mwezi watha anaimba nthungululu mwanayo akuthamangira kukamenya mpira, mpira n'kulowera kutchire, ndipo pobwerera m'basi Tiyanjana anawauza m'Chingerezi chake chosapsatira chija kuti akadzayambiranso, kubwalo asadzapondekonso. Ndiye lero anawaikira munthu pambali: Kondwelani, mlongo wawo wamng'ono wa mayiwo, wogwira ntchito ku famase yogulitsa mankhwala, munthu woti ukamuuza kuti supuni imodzi amamva supuni imodzi basi.

"Wakutuma kuti uzindilondera?" anafunsa mayi Kachingwe uku akumanga chitenje pamwamba pa jekete.

"Sanati ndikulondereni, achemwali. Anati ndikhale pambali panu."

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"Mlonda amakhala pageti."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, kenako anaika pansi chikwama cha mandasi amene anakazingira atsikana a timuyo. Bwalo linali matope okhaokha, kamphepo kakulowa m'mafupa, makolo atandanda m'mbali mwa chingwe ndi makapu a tiyi. Alendo anali atsikana a ku Northamptonshire. Refa analiza wezulo, ndipo posakhalitsa mpira unafika kwa Tiyanjana. Anaumenya, unauluka, n'kukagwera kunja kwa bwalo pafupi ndi magalimoto. Anthu onse anawomba m'manja.

"Waona? Ayamba kumuseka."

"Akumuyamikira, achemwali."

"Watulutsa mpira kunja, Kondwe. Maso ndili nawo."

"Amafuna kuutulutsa."

"Mwana wanga sangafune kulakwitsa."

"Sanalakwitse. Wawabweza alendowo mpaka kugolo kwawo."

"Ndiye akataya mpira am'wombera m'manja, akafuna kugoletsa am'khalira chete ngati mwezi watha. Iwe sukuona kuti pali nkhani apa?"

Kondwelani anayamba waganiza, chifukwa iye sayankha funso asanaliyeze. "Nkhani sindikuiona. Ndikuona malamulo."

"N'chifukwa chake sunakwatire mpaka lero."

Asanayankhe, mtsikana wina wamtali wa timu ya alendo anam'gwira Tiyanjana m'chiuno n'kum'gwetsera m'matope. Mayi Kachingwe ananyamula mwendo kuti awoloke chingwe. Kondwelani anawagwira chigongono.

"Ndisiye, ndikam'funse kuti walakwiridwa chiyani."

"Palibe wam'lakwira. Uja ndi Mutinta, mwana wa a ku Zambia aja a ku Corby. Amagwira bwino kwambiri."

"Ukumuyamikira? Wagwetsa mdzukulu wa amayi ako."

"Wam'gwetsa mwalamulo. Madala achipewa awa ali kumbuyo kwathuwa akuti m'zigawo zonse zino, atsikana oti adzafika patali ndi awiri, Mutinta ndi Tiyanjana."

"Awiri?"

"Awiri."

"Ayambira ndani potchula?"

"Mutinta."

"Sadziwa mpira amenewo. Mutinta wakeyo akungodalira msinkhu. Um'patse mpira aumenye tione ngati ungafike pamitengo ya golo paja."

"Ntchito yake si kumenya. Ntchito yake ndi kunyamula mpira n'kugunda anthu."

"Nanga ya wanga?"

"Kumenya ndi kulamula anzake."

"Basi, bwana ndi wanga. Ukawauze madalawo."

Kondwelani anatembenuka kuti akawauzedi, mpaka mayiwo anachita kum'bweza pom'koka lamba wa jekete. Anapumira m'mwamba. Mnyamata ameneyu anam'lera okha, koma mpaka lero samvetsa kuti mutu wake anautenga kuti.

Masewero anapitirira, atsikana akugundana mitu, kugwa, kudzuka, mpira akuponyerana cham'mbuyo ngati anthu osafuna kufika kumene akupita. Kenako refa anapereka penate kwa alendo. Mtsikana wawo womenya anaika mpira pakapulasitiki, n'kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Bwalo lonse linangoti zii.

"Mwaona, achemwali?" ananong'ona Kondwelani mpira utadutsa pakati pa mitengo. "Uyunso am'khalira chete."

"Uyo ndi mlendo, akuyenera. Koma wanga ndi wa timu yawo."

"Makolo akenso a uyo anakhala chete."

"Makolo ake enieni?"

"Awo avala zobiriwirawo."

"Mayo ine, mwana wa eni. Ndiye anthu a kuno amada ana onse, ngakhale awo omwe."

"Si chidani. Ndi ulemu. Womenya amafuna mtima ukhale m'malo."

"Ulemu wotero timapereka pa maliro."

"Palibe wamwalira."

"Ndikudziwa kuti palibe wamwalira, Kondwe."

"Ndiye ndimadabwa kuti maliro abwera bwanji."

Mayi Kachingwe anatsegula fulasiki, n'kuitsekanso osamwa. Mawu awo anatsika. "Iwe umakhala kuseri kwa kauntala, anthu amakupeza akukufuna. Ine zaka zonsezi ndasambitsa nkhalamba za kuno, ndikudziwa kuti chete amatanthauza chiyani. Ukalowa m'chipinda chomwera tiyi anzako n'kusiya kulankhula, amanena iweyo. Ndiye mwana wanga aime yekha pakati pa bwalo, anthu onsewa akungomuyang'ana kukamwa atatseka, ine mayi wake ndikhalenso chete? Adziwa bwanji kuti abale ake alipo?"

Zimenezi zinkawapweteka kwambiri, ndipo aliyense wamakutu akanamva kuti akufuna kutonthozedwa. Kondwelani anayankha funso.

"Akudziwa. Tinakwera naye basi imodzi."

"Ambuye, ndipatseni mtima wodekha."

Pa nthawi yopuma mayiwo ankaganiza, ndipo Kondwelani akanakhala wochenjera akanachita mantha. Chigawo chachiwiri chitayamba, a Leicestershire anagoletsa powolotsa mpira pamzere, alendo n'kubweza, ndipo alendowo anali patsogolo pang'ono chabe, moti penate imodzi ikanatembenuza zinthu.

"Kodi Tiyanjana ananena kuti chiyani kwenikweni? Mawu ake enieni."

Kondwelani anaima chilili ngati mwana wa Sande sukulu. "Anati, 'Ankolo, ndikamakonzekera kumenya, amayi asatulutse mawu.'"

"Kuwomba m'manja si mawu."

"Ndinam'funsa. Anati m'manjanso ayi."

"Supuni pa fulasiki?"

"Ndinam'funsanso."

"Unam'funsa za fulasiki?"

"Ndimakudziwani, achemwali."

"Kutsokomola? Chifuwa sichiletsedwa."

"Anati mukatsokomolere koimika magalimoto."

"Mwana wamwano, watengera bambo ake." Kenako anatembenuka pang'onopang'ono. "Nanga za iwe anati chiyani?"

"Za ine?"

"Iwe, Kondwelani. Anati usatulutse mawu?"

Kondwelani anabwereza mawu aja chamumtima, milomo ikugwedera. Nkhope yake inasintha. "Za ine sananene."

"Unam'funsa?"

"Sindinam'funse."

"Basi, ufuula ndiwe."

"Achemwali, mwambo wa pano sulola."

"Mwambo wa pano ndi umene umakuphikira mpunga Lamlungu lililonse?"

"Ayi, ndinu."

"Anakubereka kumsana ndani amayi ali kumsika ku Zomba?"

"Inu."

"Tiyanjana wakuletsa?"

"Sanandiletse."

"Ine ndakutuma?"

"Mwandituma."

"Chatsala n'chiyani?"

Kondwelani anafufuza m'mutu mwake monse, koma khomo lotulukira sanalipeze. "Ndinene kuti chiyani?"

"Unene kuti, 'Tiya, abale ako tili pano.'"

"Mokweza bwanji?"

"Amve a ku Corby."

"Ku Corby n'kutali, achemwali. Sizingatheke."

"Uyesetse."

"Nthawi yanji?"

"Akangonyamula phazi kuthamangira mpira. Ndipo tamvera, anthu awa ndikuwadziwa. Akuyang'ana ndi diso loipa, wina akukoka malaya, wina akuponda phazi. Usamvere. Aliyense amene akukoke, iwe ufuulebe."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Nanga mukasintha maganizo?"

"Unandionapo nditasintha maganizo?"

Kondwelani anabwerera m'mbuyo zaka zonse za moyo wake. "Ayi."

Mayi Kachingwe anamwa tiyi wawo mokhutira. Lamulo la mwana salithyola, ndipo mwanayo sakhala wamasiye pabwalo. Anadziona kuti akanaphunzira akanakhala loya.

Masewero atatsala pang'ono kutha, Mutinta uja anagwera mpira molakwika, refa n'kukweza dzanja. Penate ya Leicestershire. Malo ake anali ovuta, chakumbali, pafupi ndi chingwe pamene anaima mayi Kachingwe, moti Tiyanjana atabwera kudzaika mpira ankatha kuona matope amene anam'mata kukhutu. Mwanayo sanawayang'ane. Anaika mpira, anapukuta manja pakabudula, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

Ndipo chete uja anafika. Mwezi watha mayiwo sanamumve, chifukwa anali otanganidwa kum'thamangitsa. Lero anamumva. Madala achipewa aja anasiya kapu ili m'malere. Mayi wina anagwira galu wake kukamwa. Makolo ovala zobiriwira aja, amene ana awo aluza mpirawu ukalowa, anakhazika pansi kamwana kawo kamene kankathamangathamanga. Ngakhale Mutinta anangoima, manja m'chiuno, mutu pansi. Palibe ankanong'ona, palibe ankaseka. Mayi Kachingwe anamva mwana wawo akupuma, mpweya umodzi wautali ngati umene ankapuma ali khanda akamagona, ndipo anaona kuti anthu onsewa, achilendo okhaokha, agwira mpweya wawo kuti Tiyanjana apume bwino. Chiyambire kubwera ku England anali asanaonepo anthu akum'patsa mwana wawo malo aakulu chonchi. Misozi inalengeza.

Kenako pambali pawo panamveka munthu wina akukoka mpweya.

Anacheuka. Kondwelani anali atatseka maso, chifuwa chikufufuma, manja atawapinda pakamwa ngati lipenga. Mayiwo anam'koka malaya. Kondwelani sanatekeseke. Anam'ponda phazi. Iye anangogwedeza mutu, kusonyeza kuti malangizo akuwakumbukira bwino. Anam'tsina pamkono, chifuwa n'kumangofufumirabe. Kum'letsa ndi pakamwa sakanatha, chifukwa liwu limodzi lokha likanawachotsa pabwalo mpaka kalekale. Tiyanjana ananyamula phazi. Kondwelani anatsegula kukamwa konse.

Mayi Kachingwe anapisa dzanja m'chikwama, natulutsa mandasi aakulu kuposa onse, n'kuwakankhira m'kamwa mwa Kondwelani mpaka zala.

Phazi linagunda mpira. Unakwera, unapendekeka ndi mphepo, unachita ngati ukuganiza kaye, kenako n'kudutsa pakati pa mitengo. Bwalo linaphulika, ndipo pamwamba pa phokoso lonselo panakwera nthungululu ya mayi Kachingwe, yaitali, yosungidwa mwezi wathunthu, moti galu uja anathawira kumbuyo kwa mbuyake. Tiyanjana anatembenuka, anawapeza ndi maso, n'kumwetulira dzanja lili m'mwamba. Kenako analoza pansi pamene anaima amayi akewo, kutanthauza kuti sabata yamawa malo awo ndi omwewo.

Kondwelani anatafuna nthawi yaitali, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa iye sangalankhule chakudya chili m'kamwa.

"Achemwali," anatero atameza, "imeneyo mwina yafikadi ku Corby."

"Pukuta pakamwa."

"Koma munati ndifuule."

"Anthu akukuyang'ana, Kondwe."

"Munati aliyense akandikoka ndisamvere."

"Tsitsa mawu."

"Za mandasi simunanene. Mukananena ndikanakonzekera."

Madala achipewa aja anali atawayandikira, akufuna kugwira chanza mayi wa mtsikana womenya. Mayi Kachingwe anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mandasi, n'kuwapepesera m'Chingerezi chaulemu kuti mlongo wawoyu ndi watsopano pa masewerowa. Madalawo atachoka, anam'konza Kondwelani kolala imene anaikwinya okha.

"Pano si pamsika, Kondwe. Mwana akamamenya timakhala chete," anatero. "Sabata yamawa ndikhala pambali pako, chifukwa wekha ungatichititse manyazi."