Dzina la Nana Sinang m'Kaundula

Malemu azakhali athu, Nana Eufrosina Agbayani Dumlao, amene tonse tinkawatchula kuti Nana Sinang, anabadwa pa 3 Juni 1916 konkuno ku Bacarra, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi atatu. Ine amene ndaima pano ndine Herminio, mwana wa mlongo wawo. Mundikhululukire, ndiwerenga pang'onopang'ono. Takhala pa maliro ano masiku asanu ndipo mawu andithera pakhosi.

Sukulu anayamba mu 1923, n'kulekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi bambo awo atamwalira. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali wa m'munda wa adyo ndi kumtsinje kochapira anthu zovala.

M'chaka cha 1937 boma linati amayi adzaloledwa kuvota pokhapokha amayi 300,000 atavomereza okha pa chisankho chapadera cha pa 30 Epulo. Koma wolembetsa anayenera kudziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kumtsinje kuja odziwa anali malemuwa okha. Choncho anayamba kuphunzitsa anzawo zovala zili pa dzuwa, pepala lawo tsamba la nthochi, cholembera chawo munga. Abambo odutsa ndi ngolo ankaima n'kumakuwa kuti, "Iwe Sinang, akazi akapita kovota mpunga aphike ndani?" Iwo ankayankha osatembenuka n'komwe: "Uphike iwe, Manong, mchimwene wanga, manja si awo uli nawowo!"

Amayi makumi atatu ndi mmodzi ochokera kumtsinje uja analembetsa. Dziko lonse ovomereza anaposa 447,000. Koma mphunzitsi wawoyo anabwezedwa pakhomo, chifukwa anaperewera masabata asanu kuti akwanitse zaka 21. Anaima panja tsiku lonse atanyamula makanda a anzawo. Dzina lawo linalowa m'kaundula kumapeto kwa chakacho, ndipo anavota koyamba pa 14 Disembala. Ankanena kawirikawiri kuti munda unali wa bambo awo, nyumba inali ya amuna awo, koma dzina la m'kaundula linali lawolawo.

Mu 1939 anakwatiwa ndi Tata Melecio Dumlao, mlimi wa fodya, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Awiri anawaika m'manda nthawi ya nkhondo. Za zaka zimenezo sankakonda kukamba, nanenso sindikamba. Tata Melecio anatisiya mu 1981. M'zaka zonsezi, kaya chisankho chinali choona kaya chachiphamaso monga zina tinaziona zija, malemuwa ankavala siketi yawo yakutchalitchi n'kukhala oyamba pamzere.

Tsopano ndifike pamene pakundilemera. Mu Juni 2002 anagwa akuyanika adyo, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Chisankho cha atsogoleri a m'mudzi chinali pa 15 Julayi. Ife a pabanja, ine ndi mwana wawo woyamba Rogelio ndi akazi ake a Luzviminda, tinapangana kuwauza kuti chisankho chaimitsidwa. Wailesi tinaibisa. Tinkati ndi chifundo. Patangopita masiku awiri chisankhocho chitachitika, gulu la malipenga la amene anapambana linadutsa pansi pa zenera lawo. Anaitanitsa Rogelio, bambo wa imvi zake, n'kumufunsa kuti, "Kodi iwe ndinabereka mwana kapena mlonda wa ndende?" Kwa sabata yathunthu sanalandire chakudya m'manja mwathu, koma cha anansi.

Lamulo ankalidziwa kuposa ife: munthu akajomba zisankho ziwiri zotsatizana, dzina lake limachotsedwa pa mndandanda wa ovota. Chimodzi tinali titawajombetsa kale. Kuyambira pamenepo sanatikhulupirirenso pa nkhani ya masiku. Kalendala anaipachika pamutu pa bedi, ndipo m'mawa uliwonse ankayeserera kulemba kuseri kwa mapepala ake akale, poti dzanja linali litayamba kunjenjemera.

Mu Epulo chaka chino mtima unafooka, miyendo inatupa, ndipo adokotala anati asasunthidwe. Chisankho chotsatira chinali mu Meyi, ndipo tinakangana m'nyumba muja za kuwapititsa kovota mpaka kutopa. A Luzviminda ndi amene anadula nkhani: "Ine bodza lachiwiri sindinena. Akafera panjira, afere panjira yawo." Lolemba pa 10 Meyi, amuna anayi anawanyamula pampando wa nsungwi mpaka kusukulu kovotera, dzuwa likuswa mtengo. Mphunzitsi woyang'anira chisankho, mwaulemu ndithu, anati wina awalembere pa pepala lovotera mayina a amene akuwasankha. Iwo anati, "Mwana iwe, agogo ako ndinawaphunzitsa ine kugwira cholembera. Bweretsa kuno." Analemba okha kwa theka la ola, mzere wonse ukudikira, ndipo palibe anadandaula.

Atatuluka anaitana adzukulu awo aakazi asanu amene anawaperekeza, onse akuluakulu, n'kuwauza kuti atambasule manja. Inki inali pa chala cha mmodzi yekha. Enawo anali asanalembetse n'komwe. Mmodzi wa iwo, Marites, amene sabisa mawu, anati, "Apong, agogo anga, andale onsewa ndi akuba, nanga tizivutikiranji?" Tinkayembekezera kuti akalipa monga kale. Sanakalipe. Anangoti, "Ndikudziwa, mwanawe. Akuba ndawavotera ambiri kuposa amene iwe wawaona. Koma ndinkapita." Kenako anatseka maso n'kunena kuti, "Tiyeni kunyumba, ndatopa." Ine ndili ndi zaka 66, ndipo sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Sanadzukenso pabedi. Anamwalira Lachinayi pa 13 Meyi 2004, nthawi ya 9 koloko m'mawa, atalandira masakramenti, ali ndi zaka 87.

Asiya ana anayi: Rogelio, Consolacion, Teofilo amene ali ku Hawaii ndipo walephera kufika, ndi Perpetua, adzukulu khumi ndi asanu ndi anayi, ndi zidzukulutudzi khumi ndi chimodzi. Pa amayi aja a kumtsinje palibe watsala woti n'kuwalira, onse anatsogola.

A pabanja tikuthokoza abambo mfumu ndi amayi a bungwe la korona, anansi amene mwasonkhezera chikuni cha maliro pakhomo osalola kuti chizime, amene mwaphika, ndi amuna anayi aja amene munanyamula mpando Lolemba lija, omwenso munyamule bokosi lero. Mphamvu zokuthokozani mmodzimmodzi zatithera, koma Mulungu wakuonani.

Pomaliza, ena mwakhala mukufunsa chifukwa chake dzanja lamanja la malemu lili pamwamba, losavekedwa kanthu, chala chili chakuda. Okonza thupi anabwera ndi mankhwala oti achotsere inkiyo, ati kuti apite aukhondo. Rogelio anawagwira dzanja n'kuwaletsa. Tinawalanda kamodzi ali moyo; sitikanawalandanso ali chigonere. Apita nayo choncho.

Nana Sinang, dzina lanu likadali m'kaundula, palibe analifufuta. Pumulani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendere.