Ng'oma Yabwerera Pageti

Pasiteji ya Chongwe, Ba Keziah, atafungata ng'oma yokulunga m'chitenge, anatembenukira mayi wachilendo wonyamula makope a ana asukulu.

"Ba ticha, 'filth' n'chiyani m'Chizungu?"

"Ni nyansi, amayi. Uve, ngakhalenso khalidwe lachiwerewere. Mwalimva kuti liwulo?"

"Kunyumba za kumapuloti uko. Ndine mlangizi. Ninapita kukalangiza mdzukulu wanga, akwatiwa Loweruka. Amake ananiimitsa pageti, ati m'nyumba yopemphera simulowa filth. Sininamve, ninangowomba m'manja n'kubwerera."

"Pepani. Kapena amanena ng'omayo."

"Maso anali pa ine."

"Azipongozi a masiku ano ni otero."

"Si mpongozi. Ni Febby, mwana wanga woyamba. Chizungu chimene wanitukwana nacho, anachiphunzira ni ndalama za ng'oma yomweyi."