Pepala Limene Linatsala Pang'ono Kudya Chimanga cha Apongozi Anga

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo nonse amene mawu awa akufikani. Ine ndine Tembo, wa ku Chongwe. Nkhaniyi ndaisunga zaka zambiri chifukwa cha manyazi, pakuti wolakwa wake ndine ndemwe. Koma kubisa zimene Mulungu anachita n'kumubera ulemu wake. Lero ndinena za sabata imene ndinaopa kuposa masiku onse a moyo wanga, pamene pepala langa linatsala pang'ono kutayitsa chimanga cha chaka chathunthu cha apongozi anga ndi alimi anzawo.

Zinachitika m'zaka za m'ma 1990, boma litasiya kugula chimanga monga linkachitira kale. Mlimi ankadzifunira yekha msika, ndipo m'midzi munadzaza ogula oyenda ndi kachikwama kukhwapa, otchula mtengo umene wawakomera. Ine ndinkalemba nkhani za malonda ndi za ndalama pa kakampani kena mu Lusaka. Lachinayi lililonse tinkatulutsa pepala la mitengo ya mbewu m'misika yosiyanasiyana, kuti mlimi asamadyeredwe masuku pamutu. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa, ndipo ndinkaikonda.

Kenako eni kampani anagula makompyuta n'kulemba ntchito anthu atatu odziwa kupanga mapulogalamu, kuti makina aziwerengera okha mitengo. Ine anandiika kukhala mkulu wawo. Ndinene zoona, abale anga: kompyuta sindinkaidziwa ngakhale pang'ono, ngakhale poyatsira ndinkachita kuonera anzanga mwakabisira. M'malo mofunsa, umbuli wanga ndinaukwirira ndi ukali. Munthu akabwera ndi vuto ndinkamukalipira asanamalize kulankhula, chifukwa ndinkaopa kuti akamaliza aona kuti sindinamve kanthu. Mapeto ake onse atatu anaphunzira kukhala chete.

Mmodzi wa iwo anali ba Mulenga, mayi wamasiye wa ana awiri, wolankhula motsitsa mawu. Nthawi imeneyo matumba a chimanga anali a mitundu iwiri. Akale anali a makilo 90, atsopano a makilo 50. Atolankhani athu ena ankatumiza mtengo wa thumba lalikulu, ena wa laling'ono, ndipo pulogalamu inayenera kusintha yonse kuti ikhale ya makilo 50. Tsiku lina Lachitatu mayiyu anaima pa desiki yanga.

"Ba Tembo, nipaseniko masiku yabili niyese bwino pulogalamu. Pali vuto pa matumba."

"Matumba ni ya pa msika, imwe khalani pa kompyuta!" ndinatero ine mokweza, kuti onse amve. "Pepala ituluka mawa, basi."

Anabwerera pampando wake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Pepala linatuluka. Mtengo wa chimanga mu Lusaka unaoneka wokwera modabwitsa, ndipo ine m'malo modabwa ndinalembanso kankhani pamwamba kotamanda kuti msika wadzuka. Lamlungu ndinakwera minibasi ndi mkazi wanga Esinati kupita ku Kanakantapa kwa makolo ake, pepala lili m'thumba la jekete. Apongozi anga, a Sakala, anali wapampando wa kalabu ya alimi kumeneko. Ndinawapatsa pepalalo ndi manja awiri, mtima utadzaza ndi kunyada, kuti aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Iwo sankatha kuwerenga bwino timalemba tating'ono, choncho ndinawawerengera ndekha.

Tsiku lomwelo kalabu inakumana. Anagwirizana zoti ogula a kachikwama awapirikitse, achite hayala lole, chimanga chonse chipite ku Lusaka Loweruka lotsatira. Lolemba ndinadzitama nazo mu ofesi, aliyense akumva.

Lachitatu m'mawa ba Mulenga anaika mapepala awiri patsogolo panga, n'kuloza ndi chala mzere umodzi. Mtengo umene tinalemba kuti ndi wa thumba la makilo 50 unali wa thumba la makilo 90. Kunena kwina, alimi akanakafika mu Lusaka akanapeza mtengo wongopitirira pang'ono theka la umene ndinawawerengera.

Mayo ine! Ndinaona m'maganizo anthu aja ataima pamsika ndi matumba awo, mwini lole akufuna zake, ogula a m'tauni akuwaseka podziwa kuti chimanga sichingabwerere kumudzi. Muli chimanga chimenecho munali feteleza wa chaka chamawa, yunifomu za ana, mankhwala a okalamba. Ndipo amene anawatuma ndinali ine, mkamwini wa wapampando.

Mantha ndi oipa, abale anga. Abwana a kampani atamva za cholakwacho anandiitana, ndipo atafunsa kuti zatheka bwanji, pakamwa panga panatuluka bodza losakonzekera. Ndinati ba Mulenga sanayese pulogalamu, ndipo sanandiuze kanthu. Masana omwewo anawauza kuti akakhale kunyumba kufikira nkhani itaweruzidwa. Ndinawaona akutenga kachikwama kawo ndi mbale ya chakudya chimene anali asanadye. Anadutsa pafupi ndi ine osandiyang'ana.

Ku Kanakantapa kunalibe foni. Pepala lokonzedwa likanafika kumeneko lole itapita kale. Panafunika munthu woti apite ndi miyendo yake, ndipo munthuyo ndinali ine. Koma ndikaganiza zoima pamaso pa apongozi, ine amene sindinkadya nawo mbale imodzi kapena kuwayang'ana m'maso, n'kuwauza kuti ndawanamiza pamaso pa mudzi wonse, mantha ankandigwira. Ndinkaopanso kumenyedwa. Anthu amene alima chaka chonse saseka ukawaseweretsa pa chimanga.

Lachinayi lonse ndinangozungulira m'tauni ngati nkhuku yodwala chitopa. Nditafika kunyumba madzulo, Esinati anandiyang'ana kamodzi kokha n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Ndinamuuza zonse, ndi za bodza lomwe. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Atate anga mungawaope, koma Mulungu wa mayi wamasiye uja ndiye muzimuopa kwambiri."

Lachisanu m'mamawa ndinalowa m'tchalitchi chathu ndisanakwere minibasi. Ndinagwada kuti ndipemphe kuti lole iwonongeke, kapena kugwe mvula yosayembekezeka, chilichonse choti ndipulumuke osayankhula. Koma pempherolo silinapite patali. Nthawi iliyonse ndikatseka maso ndinkaona mbale ija ya chakudya. Potsiriza ndinangoti, "Ambuye, ndine wabodza ndiponso wamantha. Chimanga cha anthu aja chisatayike chifukwa cha ine. Zanga zichitike mmene mufunira." Mantha sanachoke ayi, ndisakunamizeni. Koma miyendo inayamba kuyenda.

Ndinapita kaye ku ofesi n'kuuza abwana kuti mayi uja anandichenjeza, ine ndinamutseka pakamwa. Abwana anangonena kuti tidzaonana Lolemba. Ndiye ndinauyamba ulendo wa ku Kanakantapa, fumbi lili koboo, ine ndikunjenjemera pampando wakumbuyo.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Lole inali itaima kale pabwalo, amuna akukweza matumba akuimba, amayi akusoka otsala. Atandiona anakuwa mokondwa kuti wafika mwini pepala. Ndikanakonda akananditukwana. Ndinapita pamene anakhala apongozi, ndinagwada pa fumbi, n'kuwomba m'manja.

"Atate, nalakwa. Mtengo uja ni wa thumba ya 90. Mukapita ku Lusaka muzaluza."

Nyimbo inaduka. Ndinabwereza kachiwiri chifukwa ena sanamve. Kenako phokoso linabuka. Mayi wina anayamba kulira kuti anakana wogula dzulo lomwe. Mwini lole anati ake mafuta awotchedwa kale. Bambo wina wamtali anandigwira pakolala n'kundidzutsa, mpweya wake ukundiwomba kumaso, ndipo ndinatseka maso kudikira chibakera. Apongozi anayang'ana kumbali. Zimenezo zinandipweteka kuposa dzanja limene linali pakhosi panga.

Nthawi yomweyo tinamva hutala. Kagalimoto kakale kopanda denga kumbuyo kanalowa pabwalo, katanyamula sikelo yaikulu. Munatsika bambo wachikulire wovala majombo a m'khola, ndipo mbali inayo munatsika ba Mulenga.

Ndinaganiza kuti abwera kudzandimaliza, kudzauza anthu za bodza langa. Sanatero. Anapereka moni kwa apongozi mwaulemu, atagwada, n'kufotokoza kuti bamboyo ndi mlamu wawo, woweta ng'ombe za mkaka ndi nkhuku kufupi ndi Palabana. Iye ndi alimi anzake ankafuna chimanga chambiri chopangira chakudya cha ziweto, ndipo ankachigula modula mu Lusaka n'kulipiranso mayendedwe. Ba Mulenga ataimitsidwa pa ntchito sanakhale kunyumba kulira. Anakumbukira kudzitama kwanga kwa Lolemba, anapita kwa mlamu wake, n'kumunyengerera masiku awiri.

Anayeza matumba pamaso pa onse. Mtengo sunali wa m'pepala langa labodza, koma unaposa wa ogula a kachikwama, ndipo ulendo wa ku Palabana unali waufupi. Bambo wamtali uja anandisiya pang'onopang'ono, mpaka anandikonzera kolala. Loweruka lole inanyamuka ndithu, koma inalowera ku Palabana, ndipo chimanga chotsala anzake a bamboyo anadzachitenga masabata awiri asanathe.

Anthu ali pa sikelo, ndinapita kwa ba Mulenga. Ndinagwada kachitatu tsiku limenelo, misozi ikutsika, n'kuwauza zimene ndinawanenera kwa abwana.

"Niziba," anatero. "Imilirani, ba Tembo, bantu bakuona. Sininachitire imwe. Ine ninakulira pa munda, niziba chimanga mwamene chivutira. Nenze napemphera kuti Mulungu akulangeni, koma ananipasa nchito ina."

Lolemba anandichotsa pa udindo, ndipo zinandiyenera. Ba Mulenga ndiwo anakhala mkulu wa gulu lija, ine ndinabwerera kukalemba nkhani za m'misika. Ndinkawaonera akamatsogolera anthu awo. Wina akapeza cholakwa ankamuthokoza pamaso pa onse, ndipo pepala silinkatuluka anthu awiri asanayese mitengo ndi pensulo. Ine ndemwe ndinaphunzira kunena mawu amene ankandikanika aja, akuti sindinamve, bwerezani.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanayankhe pemphero langa loyamba lofuna kuthawa, koma anayankha lachiwiri. Iwe amene uli ndi mantha lero chifukwa cha cholakwa chako, usadikire kuti mantha athe. Gwada, nena zoona, nyamuka ukunjenjemera choncho. Ndipo iwe amene uli ndi anthu pansi pako, wofatsa uja akaima pa desiki yako, msiye amalize mawu ake. Mwina ndiye amene Mulungu wamusungira tsiku lako loipa.

Apongozi anandikhululukira, ngakhale panatenga miyezi kuti andisekerere. Ndinapitiriza kuwatengera pepala la mitengo Lamlungu lililonse kufikira chaka chimene anatisiya. Ankalilandira ndi manja awiri, n'kulitembenuza uku ndi uku, ndipo ndisanayambe kuwerenga ankafunsa funso limodzi lomwelo: "Mayi uja waliona?" Ndikati inde, ndiye ankati, "Chabwino, werengani."

Ambuye akusungeni nonse. Ameni.