Mbiri ya mayi Thokozile Ngozo, mlangizi wa zaumoyo ku Bwanje

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1972 ku Lizulu, mwana wachitatu m'banja la alimi a mbatatesi, ndipo anapatsidwa dzina loti Thokozile. Pulayimale anaphunzira komweko. Mayeso a Fomu 4 analemba mu 1992.

Mu 1995 anamanga ukwati woyera ndi bambo Elson Ngozo a ku Nsipe. Mu 1998 analembedwa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo, natumizidwa ku Bwanje. Kwa zaka 23 anapalasa njinga m'dzuwa la kuchigwa, bokosi la katemera lili pakaliyala. Ambiri mwa ana anu anabayidwa katemera ndi dzanja lawo.

Mu Januwale chaka chino malemu anadwala Kovidi, nachira patatha masabata atatu. Mu Epulo analandira katemera woyamba pagulu, kuti amantha aonere pa iwo. Wachiwiri anayenera kulandira kumayambiriro kwa mwezi uno, koma katemera anali atatha m'zipatala. Ife abale tinkawalimbitsa mtima kuti asadandaule, poti anadwalapo kale. Iwo ankatiyankha kuti kachilomboka sikakhala chimodzimodzi, kamasintha, ndipo thupi limene linakadziwa mu Januwale likhoza kuchedwa kukazindikira kakabweranso mu Julaye.

Pa 11 Julaye anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Pa 15 anagonekedwa kuchipatala ku Ntcheu akubanika, ndipo anawaika pa mpweya. Matenda a shuga, amene anali nawo kuyambira 2014, anawafooketsa kwambiri. Anatisiya Lachinayi m'mawa, pa 22 Julaye 2021, ali ndi zaka 49.

Tamva manong'onong'o akuti katemera ndiye wawapha. Banja landituma kuti ndinene poyera kuti si zoona. Madokotala atifotokozera kuti mtundu wa kachilombo umene ukufala panopa, wotchedwa Delita, ndi wosiyana ndi wa mu Januwale uja, ndipo katemera woyamba yekha sauchinga mokwanira.

Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, malemu anabwereka foni ya namwino n'kuimbira amuna awo, amene mpaka lero akhala akukana kubayitsa. Sanalankhule za nyumba kapena munda wa mpunga. Anangowapempha kuti katemera akadzafika adzapite, adzatengenso amayi awo okalamba. Bambo Ngozo avomera, ndipo andipempha kuti ndinene zimenezi pamaso panu, kuti mukhale mboni.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Sheila, Allan ndi Cedric, komanso zidzukulu ziwiri.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira ife tikuletsedwa kulowa m'wodi, azaumoyo anzawo amene akonza thupi, adzukulu, a mpingo, ndi inu a ku Bwanje amene mwaima kumsewu chifukwa cha lamulo la chiwerengero cha anthu pamaliro. Mutikhululukire, bokosi silitsekulidwa. Nkhope yawo muikumbukire momwe munaionera komaliza.

Mzimu wa mayi Thokozile Ngozo uuse mumtendere.