Mmene Ndinayambiranso Kulankhula Mwana Wathu Atatisiya

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ndine Esinati, mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Sinda. Ena mwa inu munafunsa kumene ndinasowera chaka chatha. Lero ndikuuzani. Mwana wathu woyamba anabadwa atamwalira kale, ndipo kuchokera pamenepo ndinakhala miyezi yambiri ndikuyenda, ndikugwira ntchito, koma mumtima mulibe kanthu.

Ine ndi amuna anga, a Mwale, tinadikira mwanayu zaka zambiri. Iwo ndi alangizi a zaulimi ku Vubwi, ndipo kunyumba amabwera mwezi ukatha, msewu ukalola. Tsiku langa litafika anamwino anachita zonse zimene akanatha, koma mwanayo sanalire. Anandionetsa pang'ono, kenako anamufunditsa chitenje. Apongozi anga ndi amayi ena akuluakulu anakamuika ine ndili chigonere. Kwathu khanda lotere amaika ndi amayi okha, amuna sapitako, ndipo salira mokweza. A Mwale anafika zonse zitatha. Anandigwira dzanja, nati, "Mulungu adziwa." Ndinavomera ndi mutu. Masiku awo a tchuthi atatha anabwerera kuntchito.

Sindinalire, abale. Ndinkadzuka, kusesa, kupita kusukulu, kulemba pabolodi, kuchonga makope. Ana akaseka ndinkaona mano awo okha. Pa foni pankabwera mauthenga ambiri, onse ofanana: pepani, limbani mtima, Mulungu adzapatsa wina. Ndinkayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzaimba nyimbo pakhomo, ndinawafululira tiyi, ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera sindinakumbuke nyimbo ngakhale imodzi. A Mwale m'mawa uliwonse ankalemba kuti, "Mwadya?" Ine ndinkayankha kuti, "Ndadya." Ukwati wathu unatsala pa mawu awiri amenewo. Sitinakangane. Ndinkangoona kuti tikutha, ndipo ngakhale zimenezo sizinkandipweteka.

Kupemphera ndinkagwada ndithu, koma mawu sankabwera. Pemphero lokha limene ndinakwanitsa nthawi yonseyo linali lakuti, "Ambuye, mukundiona." Ndinkalinena ngati mmene munthu amanenera nthawi akafunsidwa.

Pa nthawi imeneyo ndinali pa maphunziro a patali pa koleji ina, ophunzira kudzera pa foni. Sindinawasiye chifukwa kusiya kunkafuna mphamvu zoti ndifotokozere anthu. Phunziro la teremu imeneyo linali la kulankhulana kwa anthu: mmene timamverana tikakhala maso ndi maso, ndi zimene zimatayika tikamalemberana pa foni. Ndinkawerenga kuti nkhope ya munthu, kamvekedwe ka mawu ake, ngakhale kukhala chete kwake, zimanena zambiri kuposa zilembo. Ndinkayankha mafunso molondola, mamakisi ankabwera abwino, koma zinali ngati ndikuwerenga za anthu a kudziko lina.

Kenako aphunzitsi athu anatiika awiriawiri. Ntchito yake inali yakuti wina alankhule zakukhosi, wina amvetsere osamudula, osamulangiza, koma angathe kufunsa. Tichite kamodzi titakhala pamodzi, kamodzi pa foni, kenako tilembe kusiyana kwake. Ine anandiphatikiza ndi amai Sakala, ogwira ntchito pa ofesi ina ku Katete. Tinali tisanaonanepo. Ndinkangowadziwa ndi dzina pagulu lathu la pa foni. Ndinawalembera kuti sindili bwino, mwina tichite zonse pa foni. Anayankha kuti Loweruka akwera minibasi.

Anafikadi, mayi wamfupi wovala magalasi, atanyamula nthochi m'pepala. Tinakhala pakhonde. Iwo anati, "Ndiyamba ndine, inu mumvetsere chabe." Anafotokoza za amayi awo okalamba amene anayamba kuiwala maina a ana awo, ndi mmene amatopera powasamala. Ndinamvetsera monga lamulo linanenera. Atatha anati tsopano ndi nthawi yanga.

Ndinkadikira kuti anene zimene aliyense amanena, kuti ndivomere ndi mutu tithane nazo. Sananene kanthu. Foni yawo inalira m'chikwama, sanaiyang'ane. Ngolo ya ng'ombe inadutsa pamsewu mpaka phokoso lake linatha, iwo akadali phee, akundiyang'ana mosandikakamiza. Ndiye ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene sindinakonzekere: "Mwana amene ndinataya anali mwamuna."

Amai Sakala anafunsa motsitsa mawu, "Anafanana ndi ndani?"

Palibe munthu anali atandifunsapo funso limenelo. Anthu onse ankanena za mwana amene adzabwere, osati amene anabwera. Ndinawauza kuti mphuno inali ya atate ake, tsitsi linali lambiri, ndipo zala zinali zazitali. Ndinawauza za malaya amene ndinaluka, amene anali akadali m'sutikesi. Ndinalankhula mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Misozi inatuluka pang'ono chabe, koma pachifuwa panayamba kupweteka, ndipo ndinadabwa kuti kupwetekako ndinakulandira ngati mlendo wabwino.

Asananyamuke anandiuza kuti kukumana kwathu sikunangochitika mwangozi. Anati poyamba pagulu paja ndinkalemba zazitali ndi zoseketsa, kenako mwadzidzidzi ndinayamba kutumiza kachala kokha. Sankadziwa chimene chinachitika, koma mtima sunawapatse mtendere, anapempherera nkhaniyo, ndipo anapempha aphunzitsi kuti atiike pamodzi. Pamenepo ndinazindikira kuti pemphero langa louma lija linamveka. Ambuye anandionadi, ndipo anandiona kudzera mwa munthu amene sankadziwa ngakhale nkhope yanga. Amai Sakala anawonjezera kuti, "Mbali ya pa foni ija tidzachita. Koma pali munthu wina amene sanamvetseredwe."

Ndinayesa kuimbira a Mwale, koma netiweki ya kumene amakhala imadukaduka, mawu ankafika theka. Sukulu zitatsekera ndinakwera galimoto kudzera ku Chadiza mpaka ku Vubwi osawauza. Ndinawapeza m'munda wa soya ndi alimi. Anali ataonda, kolala ya shati ikulendewera. Pa foni sindikanaziona zimenezo. Titafika kunyumba yawo ndinawauza kuti sindinabwere ndi nkhani, ndabwera kudzamvetsera.

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Ndinalimbana ndi mtima wofuna kunena kanthu, ndinangodikira. Kenako anati, "Amai, sindidziwa ngakhale pamene anamuika." Anati ankafuna kumutcha Yohane, dzina la malemu atate awo, koma sanauze munthu chifukwa mwamuna amayenera kulimba kuti mkazi atsamirepo. Anati m'mawa uliwonse ankalemba uthenga wautali, nkuufufuta, poopa kunditsegula bala. Ine ndinkaganiza kuti anaiwala msanga. Iwo ankaganiza kuti ndikuwaimba mlandu posakhalapo tsiku lija.

Titabwerera ku Sinda tinapita kwa apongozi kukapempha kuti atisonyeze malowo. Poyamba anakana, anati sizichitika. Atayang'ana nkhope ya mwana wawo anatenga mpango, natitsogolera. Panali kamtumbira kakang'ono m'mphepete mwa manda, udzu utamerapo kale. A Mwale anagwada, nazula udzuwo ndi manja. Tinapemphera atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba tinamutchula dzina lake mokweza.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Mwana wina sanabwerebe, ndipo pali masiku amene dzanzi la mumtima lija limabwerera. Koma ukwati wathu uli moyo, ine ndili moyo, ndipo ndikagwada mawu amabwera. Ndikuthokoza Mulungu amene samanyoza pemphero lalifupi. Ndikuthokozanso amai Sakala, amene tsopano ndi mlongo wanga.

Inu amene mwauma mumtima moti ngakhale kulira kukukukanikani, musaleke kugwada, ngakhale mutakhala ndi mawu awiri okha. Ndipo inu amene muli bwino lero, taonani pa foni panu amene anasiya kulankhula monga kale. Kumulembera pepani nkwabwino, koma ngati miyendo ilipo pitani mukakhale naye pansi, mutseke pakamwa, mudikire. Mwina ndinu yankho limene wakhala akupempha. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.