Fodya Ankathamangitsa Mtima Wanga

Abale anga mwa Ambuye, ine ndine Yohane Makwinja, telala. Ndimasoka maovololo ku Gaborone West Industrial. Lero ndidzikalipira ndekha, musandiletse.

Fodya ndinamuyamba ndili mnyamata. Akazi anga analankhula mpaka malovu kuuma. Ine ndinkangoti, "Atate anga ankasuta chingambwe, koma anafa ndi ukalamba." Matama!

Kenako mtima unayamba misala. Nditangokhala pamakina, uwo gu gu gu, ngati ndikuthamangira kombi, minibasi ya ku Modipane. Ndiye tamvani uchitsiru wanga. Ukatero ndinkatuluka panja kukayatsa ndudu, ati mtima ukhale pansi. Ukapitiriza, ndinkayatsa ina. Lamlungu ndinali woyamba kutsogolo kuno: "Abusa, ndipempherereni, kumudzi andilodza." Abusa thukuta kamukamu kudzudzula ziwanda, paketi ili phee m'sokosi mwanga. Aa! Mfiti yake ndinali ine ndemwe.

Tsiku lina ndinadzuka kuti ndikatenge sizasi, m'maso munangoda bii, n'kugwa. Anzanga apantchito anandithamangitsira kuchipatala. Kumeneko ndinapeza Mayi Chirwa, anamwino, omwewa amatitsogolera kwayawa. Anandigwira pamkono, kununkhiza malaya anga, n'kupukusa mutu.

"Bambo Makwinja, mtimatu suyenda wokha. Uli ndi mitsempha yochokera ku ubongo, wina woufulumizitsa, wina woubweza. Fodya amakankha wofulumizitsawo, wobweza uja n'kumafooka. Inu atelala, makina angatani phazi litakakamira papedulo?"

"Angapse, mayi."

"Nanga mukufuna akazi anu abwerere ku Malawi ndi bokosi?"

Ndinalira, abale, ndevu zonsezi. Ndinati, "Yesu, ndakunamizani mokwanira. Ndithandizeni."

Kusiya sikunali masewera. Ndinkakalipira aliyense, ngakhale ulusi ukaduka. Ndinagwa, ndinadzuka, ndinagwanso, Ambuye osandisiya. Malangizo akuchipatala ndinawatsata, kupemphera osaleka. Lero mtima ukugunda mwaulemu, masitepe ndikukwera osaima panjira. Alemekezeke Mulungu! Ke a leboga, zikomo Atate.

Koma chimene chikundipsetsa mtima ndi inu. Eya, inuyo! Mumati pomwe tikupatsana moni pakhomopo ine sindimva fungo la fodya? Maswiti amene mumabwira aja sabisa kanthu, ine ndine mwini wake wa machenjera amenewo. Ena mwa inu ndinu amisiri, mumaswera pamwamba pa nyumba zosanja ku Commerce Park. M'maso mukadzakuderani muli kumeneko, Mayi Chirwa sadzakhala ndi woti amufotokozere.

Musandiyang'ane choncho. Dzukani, bwerani kwa Yesu mtima ukadali kugunda.