Matepi Awiri a Amayi a Mpendero

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa ambiri tinkawadziwa kuti Amayi a Mpendero. Dzinali silinabwere chabe. Akakumana nawe, asanafunse n'za ana zomwe, ankagwira mpendero wa malaya ako, kuutembenuza, n'kuyang'ana msoko. Ngakhale abusa anagwidwapo pakhomo la tchalitchi, nauzidwa kuti telala wawo ndi waulesi.

Anabadwa mu 1957 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Sukulu analekezera kalasi yachisanu ndi chiwiri. Aphunzitsi ankadandaula kuti mwanayu amangoyang'ana pawindo. Eni ake ankati ankaonerera mitambo ikulumikizana, n'kumafufuza pamene yasokedwa.

Mu 1978 anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, bambo wofatsa amene anatsogola mu 2009. Malemu ankati m'nyumba mwawo woyankhula anali mmodzi, ndipo ankakwanira.

Mu 1981 analowa ntchito pafakitale yosoka mayunifolomu. Makina makumi atatu akamalira pamodzi zinkamveka ngati mvula padenga la malata, tiulusi tikuyandama m'kuwala kwa mawindo, n'kumatera m'tsitsi mpaka atsikana ankaweruka ali ndi imvi. Odula nsalu ankakhala chipinda chakumbuyo, osoka chakutsogolo. Pakati panali chitseko chokhala chotseka. Nsalu zinkadutsira pakawindo, koma moni sankadutsa.

Mu 1994 chipatala china chinabweza malaya a anamwino mazana awiri chifukwa manja anatalika. Osoka anati odula sadziwa kuyeza. Odula anati osoka amasoka akugona. Aliyense anayeza, aliyense analumbira. Bwana anatsimikiza zochotsa mkulu wa odula, bambo amene kwa zaka khumi ndi zitatu anali asanawapatsepo malemu moni.

Malemu anatenga laya limodzi, kukankha chitseko chija ndi phazi, n'kuliyala patebulo la odula. Anaitana onse amene analigwirapo, wosita, woika mabatani, wosoka ndi wodula, nalimasula msoko ndi msoko, chobwerera m'mbuyo. Cholakwa sichinaoneke. Kenaka anati, "Abambo inu, tandibwerekani tepi yanu yoyezerayo." Anaigoneka pambali pa yawo. Tepi ya mkuluyo, imene inakhala m'khosi mwake zaka makumi awiri, inali itatamuka chala chathunthu. Malemu anapita kwa bwana n'kuwauza kuti munthu sachotsedwa ntchito chifukwa tepi yakalamba.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse m'mawa matepi onse amagonekedwa patebulo limodzi, ndipo asananyamulidwe aliyense amanena chimene chikumuvuta pantchito yochokera m'manja mwa mnzake. Chitseko chija anachizula. Mkulu wa odula anayamba kupereka moni, ngakhale unali wa m'mphuno.

Kutchalitchi malemu ankatsogolera amayi, ndipo sitinama kuti anali ofatsa. Anthu awiri akayambana sankafunsa kuti wolakwa ndani. Ankawakhazika pabenchi limodzi, n'kufunsa kuti aliyense akuyezera chiyani. Ena ankatuluka akulira, koma ankabwerera.

Chaka chatha bwana anatsegula fakitale yachiwiri mumzinda wina. Kumeneko anthu makumi asanu ndi limodzi akulozana zala monga zinalili kuno kale, ndipo auzidwa kuti zikapanda kusintha chaka chino chisanathe, fakitaleyo itsekedwa. Malemu anali atapuma kale ntchito, koma atapemphedwa anavomera kupita kukawayanjanitsa. Analongedza chikwama: madiresi awiri, Baibulo, tepi yatsopano, ndi tepi yotamuka ija, imene anaisunga zaka zonsezi.

Ulendowo sunatheke. Chifuwa chimene ankachinyozera chinawagoneka m'chipatala milungu isanu. Ali pabedi ankagwirabe mipendero ya anamwino, ndipo akapeza msoko wa kwawo ankamwetulira. Anauza mwana wawo woyamba kuti akumalota nsalu yoyera yoyalidwa kuchokera pabedipo mpaka kumene maso amalekezera, anthu ambirimbiri atagwira m'mphepete, wina osakoka kuposa mnzake. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ali ndi zaka 67.

Asiya ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchemwali wawo wamng'ono ndi mlongo wawo mmodzi.

Asiyanso chikwama chija kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Dzulo mkulu wa odula, amene naye anapuma ntchito ndipo akuyendera ndodo, anachipempha kwa ana. Anatulutsa madiresi, kuwapinda bwino, n'kuikamo malaya ake. Matepi awiri aja sanawakhudze. Atafunsidwa ngati mwendo wake wovutawo ukamufikitse, anati, "Mayi uja anandiyeza kale." Chikwamacho chatsekedwa, ndipo Lolemba bamboyo anyamuka pabasi yoyamba kupita kufakitale yachiwiri ija.

Amayi a Mpendero apumule mu mtendere.